Mame Amene Sanaume: Mbiri ya Komiti Yoona za Othawa Kwawo

Njanji yochoka pa Nkaya m'boma la Balaka, kuoloka Shire pa Liwonde n'kukatulukira pa Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970 kuti katundu wa dziko lino azikafika kudoko la Nacala. Pofika 1984 sitima zinali zitaleka kufika kunyanja, chifukwa zigawenga za Renamo zinkaphwasula njanjiyo tsidya linalo. Chimene chinayamba kubwera kuchokera kum'mawa m'zaka zotsatira sichinali feteleza kapena mafuta a galimoto, koma anthu: amayi osenza mitolo ya mapoto ndi zofunda, ana kumbuyo, nkhalamba zikukokera m'mbuyo, onse akudula m'madambo a Chiuta ndi Chilwa kuthawa nkhondo m'chigawo cha Niassa. Machinga ya nthawiyo inali yaikulu kuposa lero, pakuti Balaka anadzaima payekha ngati boma mu 1998, ndipo inali limodzi mwa maboma 12 amene analandira anthu a ku Mozambique. Komiti ya boma imene lero imagamula kuti uyu ndi wothawa kwawo, uyu ayi, pamodzi ndi nthambi imene imayendetsa msasa wa Dzaleka, zinabadwa chifukwa cha anthu amenewa. Mbiri ya bungweli singamveke popanda pepala limodzi limene boma linapereka ku United Nations mu 1987. Pepalalo linasokedwera mlendo wina, ndipo bungweli lakhala likumuveka mlendo winanso amene silimukwana.

Anthu oyamba kulandira othawa nkhondowo sanali a boma. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anadula pa pangano lawo la 1891 anang'amba Ayao ndi Alomwe pakati, moti munthu wochokera ku Mecanhelas akafika m'dera la Ngokwe kapena Chikweo sankasowa womva chilankhulo chake, ndipo nthawi zambiri ankapezako wachibale. Alomwe ambiri a m'Malawi muno makolo awo anadzera njira zomwezo zaka makumi angapo m'mbuyomo, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Choncho nyakwawa inkaloza malo omangapo kanyumba, mwini munda ankapereka ganyu, asodzi ankamutenga mnyamata wachilendo kukakoka naye khoka. Zonsezi zinkachitika kulibe lamulo lililonse la othawa kwawo, ndipo Malawi anali asanalowe pangano lililonse la mayiko pa nkhaniyi.

Boma linalowererapo madzi atafika m'khosi. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu Banda maso ndi maso kuti dziko lake likusunga a Renamo. Mwezi wotsatira Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo m'miyezi yomweyo nkhondo inakula ku Tete ndi ku Zambezia, anthu n'kuyamba kuoloka malire miyandamiyanda. Malawi sakanatha kuwadyetsa yekha, ndipo thandizo la UNHCR ndi WFP linkafuna maziko a malamulo. Pa 10 Disembala 1987 dziko lino linalowa m'pangano la ku Geneva la 1951 lonena za anthu othawa kwawo, pamodzi ndi pangano lowonjezera la 1967. M'chaka chomwecho linavomeranso pangano la OAU la 1969, lija limati ngakhale wothawa chipwirikiti cha nkhondo, osati wozunzidwa payekha yekha, ndi wothawa kwawo ndithu. Koma polowa m'pangano la ku Geneva, boma linadzipatula pa ndime 9. Pa ndime 7, 13, 15, 19, 22 ndi 24, zimene mwa zina zimakhudza kukhala ndi katundu, kulowa m'mabungwe, kugwira ntchito za ukatswiri monga udokotala, sukulu za boma ndi malamulo oteteza apantchito, linati lidzaziona ngati malangizo chabe, osati lamulo lolimanga. Pa ndime 17 linati wothawa kwawo wofuna ntchito yolembedwa adzafunika chilolezo ngati mlendo wina aliyense. Pa ndime 34 linati silidzamufewetsera njira yokhalira nzika. Ndipo pa ndime 26 linadzisungira mphamvu yosankhira othawa kwawo malo okhala ndi kuchepetsa mayendedwe awo pamene chitetezo cha dziko kapena bata zafuna kutero.

Kudzipatula kotereku, kumene a zamalamulo amati reservation, si chinyengo ayi. Tiyerekeze mayi amene akulowa banki m'khonde pa Ulongwe n'kunena kuti malamulo onse a gulu wawavomera, kupatula lija la chindapusa cha wochedwa kumsonkhano. Kale mayiko ankayendera mfundo yoti munthu wotere salowa pokhapokha mamembala onse atavomera. Zinasintha pa 28 Meyi 1951, pamene khoti la mayiko onse la ku The Hague linayankha funso lokhudza mayiko amene anadzipatula pa ndime zina za pangano loletsa kupulula mtundu wa anthu. Oweruza 7 mwa 12 anati dziko lodzipatula likhoza kukhalabe m'pangano ngakhale ena akane, malinga ngati kudzipatulako sikukupha cholinga chenicheni cha panganolo. Nzeru yake inali yoti kuli bwino mayiko ambiri alowe, wina akutsimphina, kusiyana n'kuti pangano likhale langwiro koma la mayiko owerengeka. Mfundoyi inadzalembedwa m'ndime 19 mpaka 23 za pangano la ku Vienna la 1969, limene ndi lamulo la mapangano onse. Pangano la othawa kwawo linasainidwa miyezi iwiri yokha chiperekereni chigamulo cha ku The Hague, ndipo linadziikira mpanda wakewake m'ndime 42: dziko likhoza kudzipatula paliponse, koma osakhudza tanthauzo la wothawa kwawo, kusasankhana mtundu, ufulu wa chipembedzo, ufulu wopita kukhoti, ndi ndime 33 yoletsa kubweza munthu kumene akaphedwe kapena kuzunzidwa. Ndime 9 zimene Malawi anadzipatulapo zonse zili kunja kwa mpanda umenewu. Sitili tokhanso: Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique yemweyo anadzipatula pa ntchito ndi pa mayendedwe.

Ndikuganiza kuti amene analemba pepala la 1987 sitingawanene kuti anali ouma mtima. Kalembera wa chaka chimenecho anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo a ku Mozambique anali atapitirira 1 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Njira za ku Beira ndi Nacala zinali zotsekeka, katundu akuzungulira ku Durban pa mtengo woboola m'thumba, asilikali a Malawi akulondera njanji ya Nacala mkati mwa Mozambique. Boma limene likuganiziridwa kuti likusunga zigawenga linali ndi chifukwa chomveka chofunira kudziwa amene akugona pafupi ndi malire, ndipo dziko losowa malo olima silikanalonjeza minda, ntchito ndi unzika kwa anthu miliyoni. Koposa zonse, aliyense ankadziwa kuti anthuwa adzabwerera. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo pepalalo linalembedwa ndi mtima womwewo. Kumapeto kwa 1988 Malawi, Mozambique ndi UNHCR anali atagwirizana kale za kabwezedwe ka anthu kwawo, lamulo lathu la othawa kwawo lisanalembedwe n'komwe. Lamulolo linadza mu 1989, ndipo ndi limene linakhazikitsa Komiti Yoona za Othawa Kwawo, yokhala ndi akuluakulu a boma monga a polisi, a zolowa ndi kutuluka m'dziko, a zamalamulo ndi a maubale ndi mayiko ena, nthumwi ya UNHCR ikumakhalapo moonerera. Ndi lamulo lalifupi. Limafotokoza kuti wothawa kwawo ndani, womuvomereza ndani, ndiponso kuti asabwezedwe kumoto. Za moyo wake akavomerezedwa, kuti adye chiyani, agwire ntchito yanji, mwana wake adzakhala wa dziko liti, lamulolo silinadzivutitse nazo kwenikweni, pakuti mame safuna ndondomeko.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zimene mawu odzipatula aja anali ndi chifukwa chomveka, ndi m'mene ankagwiritsidwa ntchito mofewa. Misasa ikuluikulu inalipo, monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, koma anthu ochuluka ankakhala m'midzi mosakanikirana ndi eni dziko, akulima timinda tobwereka, akugulitsa nkhuni ndi nsomba, tsiku logawa chakudya n'kukaima pamzere wa a Red Cross ndi khadi m'manja kukalandira ufa, nyemba, mtedza, mafuta ndi mchere. Ndipo pali umboni wa zimene zimachitika munthu akangodalira mzere umenewo. Mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, mu 1990 munabuka matenda a pellagra, aja osupula khungu la m'khosi ndi m'mikono mwa munthu amene akudya chimanga chokhachokha, ndipo anagwira othawa nkhondo oposa 18,000. Madokotala amene anafufuza mliriwo anapeza kuti okhala m'misasa ankadwala kwambiri kuposa okhala m'midzi, ndiponso kuti banja lokhala ndi kadimba kapena lopeza nsomba linkapulumuka. Kunena kwina, chimene chinateteza anthu ndi ufulu womwe pepala la 1987 linakana kulonjeza, umene nyakwawa za ku Machinga, Mangochi, Ntcheu ndi Dedza zinkangopereka osafunsa ku Lilongwe.

Mtendere wa ku Mozambique unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1995 pafupifupi onse anali atabwerera, ambiri a iwo paokha, wapansi, monga anabwerera. Apa ndi pamene bungweli likanayenera kukhala pansi n'kufunsa ngati pepala lake likadali ndi ntchito. M'malo mwake, mu 1994, chaka chimene Bakili Muluzi wa ku Machinga konkuno analowa m'boma, ndende yakale ya andale ya Dzaleka ku Dowa inasandutsidwa msasa wa alendo atsopano ochokera ku Rwanda, Burundi, Somalia, kenako Congo. Awa sanali achibale a tsidya la dambo. Analibe nyakwawa yowadziwa, ndipo nkhondo zawo sizinathe ndi siginecha imodzi. Ntchito yowayang'anira inakhalako m'manja mwa ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kenako inasamukira ku unduna wa za m'dziko, umene lero ndi wa chitetezo cha m'dziko, ndipo kusamukako kukunena zambiri pa momwe boma linayambira kumuonera wothawa kwawo. Msasa wa Luwani ku Neno unatsekedwa mu 2007, onse n'kuunjikidwa pa Dzaleka. Malo amene anakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000 anadzasunga oposa 50,000, ndipo WFP yakhala ikudula thandizo lawo, nthawi zina mpaka theka. Munthu woletsedwa ntchito, wopatsidwa theka la chakudya, amachita chimene aliyense angachite: amatuluka. Umu ndi momwe tinadziwira mashopu amene anthu amangoti a Maburundi, ngakhale mwini wake akhale wa ku Rwanda kapena ku Congo, m'matauni ndi m'malo ochitira malonda, otsegula m'mamawa, ogulitsa shuga wopima ndi mafuta a m'timapepala.

Kwa zaka zambiri boma linkayang'ana kumbali. Mu Epulo 2021 linalamula kuti onse okhala kunja abwerere ku Dzaleka, koma chiletso cha khoti chinaimitsa lamulolo mpaka Ogasiti 2022 pamene khoti lalikulu ku Blantyre linachichotsa. Mu Malichi 2023 unduna unapereka tsiku lomaliza la 15 Epulo, ndipo kuyambira pa 17 Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kugwira anthu mu Lilongwe, kutseka mashopu awo, n'kuyamba awasunga kundende ya Maula, ana omwe, asanawatengere ku Dowa. Pofotokoza zimenezi, akuluakulu a boma ankaloza ku malamulo ndi ku mawu odzipatula aja.

Wina anena kuti nkhani yathera pomwepo: pangano limalola kudzipatula, Malawi anadzipatula, ndiye palibe mlandu. Ndikuvomera theka la mfundoyi. Kudzipatulako n'kololedwa, koma tiwerenge zimene tinalemba tokha. Pa ndime 26 boma silinanene kuti wothawa kwawo aliyense adzakhala mumsasa moyo wake wonse. Linati lidzachepetsa mayendedwe pamene chitetezo kapena bata zafuna. Mawu amenewa ali ngati kiyi wosungidwa m'thumba kudikira tsiku la zoopsa, ndipo amafuna kuti wotseka chitseko aonetse choopsacho. Mu 1987 chinkaoneka ndi maso pa Nayuchi. Lero mayi wa ku Bukavu wogulitsa tomato, kapena mnyamata wobadwira pa Dzaleka mu 1996 amene chilankhulo chake ndi Chichewa, akuopseza chitetezo cha yani? Chinanso, pa ndime 18, yonena za kudzilemba ntchito wekha pa ulimi, luso la manja ndi malonda, Malawi sanadzipatulepo. Zoona, ndimeyi imangomuika wothawa kwawo pa mlingo wa alendo ena, amene nawonso amafunika chilolezo cha bizinesi, koma siilola kuti akanizidwe kotheratu. Ndipo pepala la 1987 linalembedwa tisanakhale ndi malamulo oyendetsera dziko a 1994, amene gawo 39 limapereka ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi, gawo 29 ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zosowa, ndipo m'malo monsemu akuti munthu aliyense, osati nzika yokha. Gawo 44 limalola kuchepetsa maufulu, koma pokhapokha kuchepetsako kuli koyenera ndi kofunikadi m'dziko la demokalase. Pepala lopita ku New York likhoza kutimasula kwa mayiko anzathu, koma silingatimasule ku malamulo athu omwe.

N'chifukwa chiyani tsono mawu amenewa akhala zaka zoposa 35 osagwedezeka? Yankho lili m'kapangidwe ka lamulo lenilenilo. Ndime 21 ya pangano la ku Vienna imati kudzipatula kumadula mbali zonse ziwiri. Mayi wa banki m'khonde uja akakana kulipira chindapusa, nayenso sangalandireko chindapusa cha anzake, ndipo kuluza kumeneko n'kumene kumamuchititsa kuganiza kawiri. Pa mapangano a malonda chilango chimenechi chimagwira ntchito. Koma pa pangano la othawa kwawo, Malawi akakana ndime 17, dziko la Sweden kapena Kenya sililuza kanthu, ndipo nalonso silingabwezere pozunza othawa kwawo a kwawoko. Woluza ndi munthu amene sali membala wa gulu, alibe boma lomulankhulira, pakuti boma lake ndi lomwe walithawa. Panganoli lilibenso khoti lakelake kapena komiti yolandira madandaulo, ndipo UNHCR, imene ili ndi udindo woyang'anira, imagwira ntchito m'dziko mwa chilolezo cha boma lomwelo. Tikayerekeza ndi zimene zinachitika pa pangano lothetsa tsankho kwa amayi, kusiyana kwake kukuonekeratu. Malawi analowa m'panganolo mu Malichi 1987, chaka chomwechija, n'kunena kuti pakadali pano samangidwa ndi ndime zofuna kuthetsa msanga miyambo yozika mizu. Germany ndi Netherlands anatsutsa, Mexico anadandaula, ndipo pa 24 Okutobala 1991, ulamuliro ukadali wa chipani chimodzi, Malawi anachotsa mawu akewo. Amayi anali ndi owalankhulira kunja ndi mkati momwe. Nkhaniyi ikutiphunzitsanso kuti kuchotsa mawu odzipatula si ntchito yofuna msonkhano wa mayiko: ndime 42 yomwe ija ikuti dziko likhoza kutero nthawi iliyonse polembera kalata mlembi wamkulu wa United Nations.

Chotsutsa cholemera kwambiri si cha maloya, koma cha mwini okala wa pa Ntaja kapena pa Mangochi Turn-off, amene amati mlendo akugulitsa motchipa ndipo makasitomala amuthawa. Dandaulo lake ndi lenileni, ndipo wolinyoza sanayambe wakhalapo tsiku lonse kudikira wogula sopo mmodzi. Koma tiyeze kukula kwa nkhaniyi. Pa nthawi ya chilamulo cha 2023, okhala kunja kwa msasa ankawerengedwa kuti ndi pafupifupi 8,000, m'dziko la anthu 20 miliyoni limene linasungapo alendo 1 miliyoni lili ndi anthu osakwana theka la amenewa. Chimene chikupha okala ndi kugwa kwa kwacha, kusowa kwa ngongole ndi kukwera kwa mitengo pa holoselo, ndipo izi sizinathe mashopu aja atatsekedwa. Wamalonda wokhala ndi chilolezo amalembedwa m'kaundula, amalipira msonkho, ndipo khonsolo ikhoza kumuikira malire a malo ndi mtundu wa malonda. Wobisala salipira kanthu koma ziphuphu. Uganda, amene nayenso anadzipatula pa ndime zingapo za pangano lomweli, anakhazikitsa lamulo mu 2006 lolola othawa kwawo kugwira ntchito ndi kuyenda, ndipo akusunga oposa 1.5 miliyoni. Mavuto ali nawo, koma dziko silinagwe. Za chitetezo nazo, pangano silimanga boma manja: ndime 1 imachotsa opalamula milandu ya nkhondo ndi yopulula anthu, ndipo ndime 32 imalola kuthamangitsa munthu woopsa potsata njira za malamulo. Munthu amene Malawi anamutumiza ku Rwanda mu 2019 pomuganizira mlandu wa kupulula anthu wa 1994 sanali wokhala mumsasa, anali wabizinesi wodziwika wokhala ndi pasipoti ya Malawi. Mpanda wa Dzaleka sukanamugwira. Chikanamugwira ndi ofesi yofufuza bwino munthu aliyense payekha, imene ndiyo ntchito yeniyeni ya komiti ija.

Anthu a Machinga ndi Balaka nkhani ya kukhala mlendo amaidziwa mbali zonse. Pa Liwonde pomwepa ndi pamene ulendo wa Henry Masauko Chipembere wopita ku Zomba unathera mu Febuluwale 1965, pantoni itapezeka ili tsidya lina, ndipo iye anakafera ku America mu 1975 ali wothawa kwawo. Midzi yambiri ya kuno ili ndi nyumba zamalata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo mabasi amene anabweza Amalawi pa zipolowe zodana ndi alendo za ku South Africa mu 2008 ndi 2015 anatsitsa ambiri m'maboma a chigawo chino. Opita ku Joni si othawa kwawo pa malamulo, n'zoona, koma mawu oti mlendo akutilanda malonda amawadziwa kuwawa kwake akamanenedwa m'Chizulu.

Mu Disembala 2019, pa msonkhano wa mayiko ku Geneva, boma linalonjeza kuunikanso malamulo ake a othawa kwawo, ndipo bungwe la Law Commission linadzayamba kuunika lamulo la 1989. Pamene ntchitoyo inali mkati, mlendo wa mtundu wakale uja anabweranso. Zipolowe zotsatira chisankho cha Okutobala 2024 ku Mozambique zinaolotsa anthu zikwizikwi kulowa ku Nsanje ndi Chikwawa, msasa wa Nyamithuthu unatsegulidwanso, ndipo m'miyezi yowerengeka ya 2025 ambiri anali atabwerera kwawo. Kwa amenewa lamulo la 1989 linakwanira monga linakwanirira makolo awo. Ku Dowa, mwana amene anafika pa Dzaleka ali kumbuyo kwa amake mu 1994 wapitirira zaka 30, analemba mayeso a MANEB, ana ake akuphunzira sukulu za mumsasa momwemo, ndipo akafuna kupita ku Lilongwe amayamba wakapempha kalata ya chilolezo kuofesi ya woyang'anira msasa.